Ba Lastone, Mlembi wa Milatho ya ku Kafue

Ba Lastone Shawa anali munthu wosatha kuwoloka mlatho osaulembera mbiri. Funsani aliyense amene anakhalako ku Kafue zaka za m'ma 1990, akuuzani zomwezo, koma ayamba waseka kaye. Ndipo si milatho ikuluikulu ya pamtsinje yokha ayi. Kwa Ba Lastone, thabwa loyala pangalande linali mlatho. Chipaipi cha simenti chodutsa pansi pa msewu, chija amati kalavati, chinali mlatho. Ngakhale chitseko cha galimoto yakufa chimene wina wachigoneka pamatope kuti ana asadetse nsapato za kusukulu, iwo ankachiimirira, n'kuchivulira chipewa, n'kuyamba kufunsa anthu apafupi kuti chinabwera liti ndipo anayamba kuchiponda ndani. Pakapita masiku awiri mumangoona pambali pake pazikidwa mtengo, pamtengopo pakhomedwa lata, palatapo zilembo zowongoka bwino kuposa za ku boma.

Iwowa anachokera ku Katete ali mnyamata, n'kulowa ntchito ya njanji m'gulu la opaka penti pa mlatho wa sitima. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anazithera ali lende pathabwa lomangidwa ndi zingwe, madzi a Kafue akuyenda pansi pa mapazi awo, iwo akupala dzimbiri ndi kupaka. Ntchitoyo inali yosatha: mukafika tsidya lino, tsidya lija layamba kale kufiira, ndiye mumanyamula zitini n'kubwerera. Koma inatha ndithu. Mu 1993, malonda atamasulidwa, zovala zovalidwa kale za salaula zitadzaza msika, mafakitale atayamba kutsokomola, makalata ochotsa anthu ntchito anayamba kuyenda m'makomo. Anthu ankati "kupuluniwa," monga amasadzira mitengo ya m'mbali mwa msewu. Anzawo ena anatsegula tuntemba, timashopu ta m'mbali mwa msewu, ena anapita ku Shimabala kukalima tomato. Ba Lastone anafika pakhomo ndi mabulashi atatu ndi zitini za penti wotsalira zimene kapitawo anawapatsa potsanzikana.

Mutu wa pakhomopo anali akazi awo, Bamake Joyce. Ankaphika masikono mu uvuni wa mgolo kuseri kwa nyumba n'kukagulitsa kumsika, ndipo ataona zitinizo mtima unakhala pansi: bambo azilemba maina a mashopu, nanga si masiku amenewo aliyense anali kutsegula shopu. Sanadziwe kuti m'nyumba mwawo mwalowa mbiri. M'zaka zisanu zotsatira amuna awo analemba zikwangwani zoposa zana. Anatchulamo ogulitsa nyama, asodzi, abusa, mbuzi ndi galu mmodzi, koma mkazi amene anakhala nawo zaka makumi atatu sanamutchule ngakhale pakona ya lata. Anthu ankaiseka nkhani imeneyi. Bamake Joyce ankaseka nawo, koma inawakhala pakhosi.

Zinayamba chonchi. Sabata yoyamba ya ulova, Ba Lastone anayenda wapansi mpaka kumlatho wa msewu, kumene kunali chikwangwani chakale cha mbiri, chija apaulendo amangochidutsa osachiwerenga. Iwo anachiwerenga kanayi. Anabwerera kunyumba thukuta lili kamukamu, mtima utawawa.

"Bamake Joyce, mwaziba vamene balemba paja? Chaka, matani ya nsimbi, na maina ya bakulu-bakulu. Basi!"

"Manje munali kufuna balembe chani?"

"Nanga wamene anali kupikila bantu nshima? Nanga wamene anagwesa hamala mu manzi, bamukalipila? Buliji sibamanga bantu batatu iyayi."

"Idyani, nshima izazizila."

Anadya, koma maso ali kudenga. Dengalo linali la malata, ndipo Bamake Joyce akanadziwa zimene zinali m'mutu mwa amuna awo akanawakhazika panja.

Woyamba kugwera m'mbiri anali Ba Nelson Hamoonga, wogulitsa nyama ya mbuzi pamsika. Kutsogolo kwa kantemba kawo kunali ngalande, pangalandepo thabwa. Tsiku lina m'mawa anapeza anthu ataunjikana, akuwerenga mokweza:

ULALO WA NELSON. UNAYALIDWA MU 1988 NDI BA NELSON HAMOONGA ATAGWERA M'NGALANDE IYI KAWIRI. KACHITATU ANAGWA ULALO ULIPO KALE.

Ba Nelson anathamangira kwa a Shawa chikwanje chili m'manja, osati kuti akateme munthu, anangoiwala kuchisiya.

"Ba Shawa, ni chani chija?"

"Ni histori."

"Ninakupempani ine?"

"Histori siipempa, Ba Nelson. Munagwa olo simunagwe?"

"Ninagwa, koma kunali mvula!"

"Kachitatu kunali zuba. Okutoba."

"Ninali na maleliya."

Ba Lastone anachotsa pensulo kukhutu n'kulemba pachikhatho mwaulemu. M'mawa mwake pansi pa chikwangwanicho panawonjezeka mzere: MWINIWAKE AKUTI ANALI NDI MALUNGO. Msika wonse unaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma obwera kudzawerenga ankabwerera ndi nyama, ndipo pasanathe mwezi Ba Nelson anayamba kupukuta latalo m'mawa uliwonse asanapukute sikelo. Ankafotokozanso okha nkhaniyo kwa alendo, kugwa kuja kutafika kasanu. Ba Lastone atamva anapita kukawadzudzula kuti asamanamizire mbiri.

Kunyumba malata anayamba kusowa. Choyamba chinapita chitseko cha khola la nkhuku, kenako chivundikiro cha mgolo wa madzi. Tsiku lina Bamake Joyce atamaliza kukanya fulawa anafuna thireyi yophikira masikono, koma osaiona. Anaifuna mpaka pansi pa bedi. Yankho linabwera masana ndi Ba Felistus, mnzawo wa pamsika amene ankapikula nsomba ku Chanyanya.

"Bamake Joyce, tileyi yanu naiona. Ili pa kalavati ya mu njila ya ku Chanyanya, yankala bwino maningi."

"Ichita chani kuja?"

"Ipunzisa bantu."

Pathireyipo panalembedwa kuti: PANO MU 1979 NJINGA YA NSOMBA INAGUBUDUZIKA. ANTHU A MIDZI ITATU ANATHANDIZA KUTOLA. MWINI NSOMBA ANAFIKA KU KAFUE NDI DENGU LOKHA. Ba Felistus anawalakatulira mawu onsewo pamtima, kenako anawagunda ndi chigongono.

"Mwaona, tileyi yanu yangena mu histori. Imwe mukali panja."

Anaseka onse awiri, koma masikono a tsiku limenelo, ophikidwa pa thireyi yobwereka, anapserera. Atafunsidwa, Ba Lastone anafotokoza modekha kuti thireyiyo inali yosalala bwino, komanso inali ndi mafuta kale, choncho mvula singaivute.

Musaganize kuti ankalembera aliyense. Zikwangwani zitatchuka anthu anayamba kuzipempha, ndipo ndi pamene tauni inadziwa kuti mkuluyu ali ndi malamulo. Mwini bala wina atamanga kamlatho ka simenti kolowera pabala pake anabwera m'mawa mwake ndi lata latsopano lonyezimira.

"Bamudala, nilembeleniko bodi."

"Buliji yanu ili na zaka zingati?"

"Basiliza mailo."

"Pagwapo ndani?"

"Palibe."

"Pasililapo ukwati? Papitapo malilo?"

"Awe."

"Ilibe histori iyo. Mukabwele bantu bakagwapo."

Lata lija analandira ndithu, n'kukalembapo za mlatho wina.

Juni wina Ba Lastone anazolowera kulawirira kumtsinje. Nthawi imeneyo magalimoto anali atasamukira pa mlatho watsopano wa msewu, wakale uja utangotsala pambali, wopanda woupondapo. Tsiku lina anaiwala sweta, ndipo poti anali atayamba kale kutsokomola, Bamake Joyce anakwera kabasi kuwatsatira nayo. Anawapeza atakhala pamlatho wakalewo, khutu ataligunditsa kuchitsulo, maso atatseka. Nkhungu inali itaphimba mtsinje wonse, moti mlathowo unkaoneka ngati ukungoyandama, wopanda tsidya lino kapena tsidya lija. Pansi pake tizilumba ta udzu wa m'madzi tinkadutsa mwakachetechete, tina titanyamula akakowa oyera amene anangoima phee, osakupiza n'komwe mapiko. Chakutali wina ankaimba m'bwato losaoneka.

"Nkalani pansi, Bamake Joyce. Mvelani."

Anakhala, n'kuika khutu. Chitsulo chinali chozizira, ndipo mkati mwake munali kulira kwapansipansi, konga kwa mphika umene watsala pang'ono kuwira.

"Ni matilaki ya pa buliji ya nyowani," anatero.

"Iyayi. Ikumbuka kwao."

Ba Lastone ankati mlatho umenewo unayamba wakhala pamtsinje wina wa ku Mangalande, kenako anaumasula chitsulo chimodzichimodzi, n'kuukweza sitima yapamadzi kubwera nawo kuno. Ankainena nkhaniyi ngati analipo pomasulapo.

"Kukankala nkungu so, iganiza kuti yabwelela kwao. Iyembekeza mabasi ya kwao. Manje zuba ikachoka, yaona ni mvuu chabe, yankala zii." Anausisita mlathowo ndi chikhatho. "Nayo bayipuluna monga ine. Tinkala tibili, tikambisana."

Bamake Joyce sanaseke. Kaya inali nkhungu ija kaya kuzizira, koma anamva ngati iwonso akuyandama, kubwerera chammbuyo mpaka tsiku lija anawoloka Luangwa pa basi ali mtsikana, kathumba pamiyendo, akupita kwa mwamuna amene anali atamuona kawiri kokha. Mawu amene anawasunga nthawi yaitali anatuluka okha.

"Batate ba Joyce, mbuzi munailemba. Galu ya ba pasita munailemba. Nanga ine?"

Ba Lastone anatsegula diso limodzi. "Imwe bwanji?"

"Ninawoloka Luangwa kubwela kuli imwe. Iyo si histori?"

"Ni histori ikulu. Koma ikali kuyenda. Bodi ni ya vintu vamene vinasila, Bamake Joyce. Imwe simunasile."

"So mufuna nife fesiti?"

"Awe, musafulumile. Penti yoyela yasila."

Bamake Joyce anawaponyera sweta kumaso n'kunyamuka. Ali m'basi anapezeka akuseka okha, koma pofika pakhomo kusekako kunali kutatha, ndipo nkhaniyo sanaifunsenso.

Ba Lastone anatisiya mu Julayi 1998. Chifuwa chija chinawagoneka masabata atatu. Chikwangwani chawo chomaliza chinali cha chipika chimene abakha ankawolokerapo kuseri kwa tchalitchi, ngakhale abakhawo ankatha kusambira. Tsiku lomwalira anapempha kuti awatulutse pakhonde masana, anayang'ana mabulashi awo ali m'chitini cha palafini, n'kunena kuti asawasiye aume. Mawu omaliza anali amenewo. Pamaliro panadzaza anthu omwe aja ankanena kuti mutu wa mkuluyu sukuyenda bwino, aliyense akudzitama ndi chikwangwani chake.

Anthu atabalalika, mwana wawo Joyce atabwerera ku Kabwe kumene anakwatiwa, Bamake Joyce anasesa nyumba yonse. Kunena zoona sikunali kusesa, kunali kufufuza. Anatsegula sutikesi, anakweza matiresi, anasuzumira kuseri kwa kabati ndi padenga la khola, poganiza kuti munthu wotere sangapite osawabisira kachidutswa ka lata penapake. Anapeza mapepala odzaza miyeso ya makalavati. Zinawapweteka kwambiri, ndipo anakwiyira munthu wakufa, chinthu chochititsa manyazi chimene sungauze ngakhale mnzako wa pamsika.

Panapita zaka ziwiri. Chichokereni gulu la opaka penti lija, penti wapamwamba wa pamlatho wa sitima anayamba kumatuka zigambazigamba. Msodzi wina wa ku Chanyanya, dzina lake Choolwe, akudutsa pansi pake ndi bwato anakweza maso n'kuona zilembo zakuda zikusuzumira pachitsulo chofiira. Dzanjalo analizindikira nthawi yomweyo, nanga ndani ku Kafue sankadziwa kalembedwe ka Ba Lastone? Nkhaniyo inafika pamsika limodzi ndi nsomba, ndipo pofika masana inali itanona: malemu anali ndi mkazi wamseri, ndipo anamulemba pamlatho wonse.

Bamake Joyce anangoona kuti akafika pagulu nkhani imaduka. Ba Felistus, amene chibadwire sanasungepo nkhani mpaka madzulo, anayamba kuwaninkha nsomba akuyang'ana kumbali. Zinatero masiku anayi. Tsiku lachisanu kunafika Ba Goodwell Zimba, mnzawo wa malemu wa pantchito, kuchokera ku Shimabala, atavala jekete la kutchalitchi, chipewa chili m'manja. Anawapeza akukanya fulawa kuseri kwa nyumba.

"Mulamu, nabwela kulapa."

"Mwapaya muntu?"

"Chikanankalako bwino."

Anafotokoza mutu uli pansi. Opaka penti anali ndi kachizolowezi kawo. Akapala dzimbiri ankayamba ndi penti wofiira wapansi. Akauma, asanapake wotuwa wapamwamba, aliyense ankatenga kabulashi n'kulemba ndi penti wakuda chilichonse chimene chinali kumtima: zigoli za mpira, dzina la kumudzi, mawu otukwana kapitawo. Kenako ankaphimba, nkhani n'kuthera pomwepo, poti ankadziwa kuti penti wapamwamba asanatope iwo adzabweranso kudzawonjezera wina.

"Ise tinali kulemba va mpila," anatero Ba Goodwell. "Koma bamuna banu, mulamu, zaka zonse banali kulemba va mukazi umozi. Ine ninali kuona, nankala chabe zii. Ntawi zina ninali kubatandiza kuvinikila mwamusanga kuti banzatu basaone. Manje penti yachoka, tauni yonse yaziba. Nati mumvele kuli ine."

Bamake Joyce anasiya kukanya. Manja anali mbee ndi fulawa. Ndiye kuti chikwangwani chinalipo, chachikulu kuposa zonse, choyambira tsidya lino mpaka tsidya lija, koma cha munthu wina. Anamva nsanje yeniyeni, yotentha, imene sankadziwa kuti mkazi wa msinkhu wawo angakhale nayobe.

"Ni wa kuti?"

"Siniziba. Ine ninali kuganiza Mazabuka."

"Zina lake?"

Ba Goodwell anapinda chipewa m'manja. "Elina."

Nkhuku inadutsa pakati pawo. Bamake Joyce anapapasa mpando kumbuyo n'kukhala. Dzinalo anamaliza kulimva mu 1968, chaka chimene Joyce anabadwa. Kuyambira pamenepo pamsika anali Bamake Joyce, kutchalitchi Amai Shawa, ndipo mwamuna waulemu sakanaitana mayi wa mwana wake ndi dzina la paubwana ngati akuitana kamtsikana kotuma madzi. Amene ankalidziwa anali ku Katete, ambiri a iwo m'manda.

"Ba Goodwell," anatero pang'onopang'ono, "Elina ndine."

Chipewa chija chinagwera m'fumbi.

"Imwe?"

"Ine."

"Manje ine zaka zonse izi ninali kubisila muntu mukazi wake-wake? Mulamu, nshima yanu sininali kukuta chifukwa cha nsoni! Ninali kusiya nyama mu mbale!"

Bamake Joyce anaseka mpaka kugwira m'mimba ndi manja a fulawa, ndipo pamene kuseka kunathera n'kuyamba kulira, Ba Goodwell sanapaone. Anangotola chipewa chawo n'kumachikuntha nthawi yaitali.

M'mawa mwake anakwera bwato la Choolwe. Ba Felistus anakwera nawo ngakhale ankaopa ng'ona, poti kwa iwo kuphonya nkhani yotere kunali koopsa kuposa ng'ona. Bamake Joyce sukulu anailekeza panjira, maso nawo anali atafooka, choncho wowerenga anali Ba Goodwell, magalasi ali pamphuno, khosi atalipindira kumwamba. Madzi anali bata. Mlatho unali pamwamba pawo, wautali, wamawangamawanga, ndipo kuwala kochokera m'madzi kunkavina kunsi kwa zitsulo, zilembo n'kumaoneka ngati zikupuma. Sizinali mu dongosolo ayi. Pena chaka cha 1985 chinagundana ndi 1967, pena mawu anadukira pakati, otsalawo akadali pansi pa penti.

"1967," anawerenga Ba Goodwell. "ELINA WAFIKA. AKUOPA SITIMA."

"Zoona," anatero mwini dzina. "Ninali kutabila mu nyumba."

"ELINA WAPSEREZA NYEMBA. NDADYA ZONSE."

"Boza! Banapasa galu."

Choolwe anapalasa pang'ono.

"1974. ELINA SAKUNDILANKHULA, LERO TSIKU LACHITATU. WOLAKWA NDINE."

"Belengani futi iyo."

Ba Goodwell anawerenganso.

"Ba Felistus, mwamvela? Muzankala mboni. Bali moyo sibanavomelepo olo kamozi."

Anaseka mpaka bwato kupendama, Choolwe n'kuwapempha kuti aziseka atakhala pakati. Zina zinali zazing'ono kwambiri moti mwiniwake sanazikumbuke n'komwe: Elina wavala chitenje chobiriwira, Elina wathamangitsa njoka ndi mthiko, Elina wazula dzino. Koma atafika pa chitsulo china Ba Goodwell anaima, anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Belengani chabe, mulamu."

"1977. TAIKA MWANA WATHU WAMWAMUNA. ELINA SAKUDYA." Anavalanso magalasi. "Pansi pake balemba futi, na vilembo vikulu. ELINA WADYA."

Mwana ameneyo anakhala masiku asanu ndi anayi okha, ndipo chimuikireni m'manda Ba Lastone sanamutchulepo, moti akazi awo ankaganiza kuti anaiwala msanga. Choolwe anagoneka nkhafi pamiyendo, bwato n'kumayenda lokha ndi madzi.

Kenako njanji inayamba kulira, sitima ya katundu n'kukwera pamlatho pang'onopang'ono. Zitsulo zinanjenjemera. Tizidutswa ta penti wotuwa tinayamba kuyoyoka, kuzungulira m'mwamba, kutera pamadzi, m'bwato, ndi pa duku la Bamake Joyce. Sitima itawoloka, pamwamba penipeni pa mitu yawo panaoneka mawu amene sanalipo pofika paja.

"1993. ATIUZA KUTI NTCHITO YATHA. ELINA SANADZIWE. M'MAWA AMAIMBA, NDAMUSIYA AIMBE."

Ba Goodwell anati akhoza kupeza makwerero ndi chopalira, n'kutsegula mlatho wonse sabata imodzi, dzimbiri lisanadye zotsalazo. Bamake Joyce anapukusa mutu, maso akadali kumwamba.

"Lekani. Banali kukamba pang'ono-pang'ono. Basiyeni bakambe mwamene banali kukambila."

Masiku ano zikwangwani za Ba Lastone n'zosowa ku Kafue. Zambiri zinapita ndi ogula zitsulo zakale, zina dzimbiri linadya, zina zinafolera tuntemba. Matabwa atsopano amayalidwa pangalande, anthu n'kumawoloka osayang'ana pansi, ndipo munthu akagwa amangodzuka n'kukuntha fumbi, nkhani n'kuthera pomwepo. Tauni ikuyenda mofulumira, koma ikuoneka ngati inayamba dzulo. Anthu amawasowa mkulu uja, ngakhale aja ankasintha njira akawaona poopa kulembedwa.

Pamsika tsopano amati Ba Elina. Mwini dzina amachedwa dala kucheuka, kuti aitanidwe kawiri. Sitima ikamveka chakumtsinje amasiya zimene akuchita n'kumvetsera mpaka itawoloka. Ndipo kamodzikamodzi, mwina pakatha miyezi iwiri, Choolwe amatsika panjinga ndi dengu lake la nsomba n'kulunjika pa tebulo la masikono. Ulendo wathawu anabwera mvula itangoyamba kumene.

"Ba Elina! Ba Elina! Yaoneka inangu."

"Yakamba chani?"

Choolwe anatsinzina kuti asaphonye liwu.

"Ilibe chaka. Yakamba ati: ELINA ALI KUNYUMBA. NDIWERUKE MSANGA."

Ba Elina anayang'ana msewu wochokera kumtsinje nthawi yaitali ndithu. Kenako anakulunga masikono awiri m'pepala n'kumupatsa msodziyo.

"Banali kuchedwa ndithu," anatero. "Masiku yonse banali kuchedwa."